Banja la ku Mufakose Lisayambe ndi Ngongole ya Hanimuni

Mwambo watsopano walowa m'malokeshoni a mzinda wa Harare, ndipo walowa osaodira. Mnyamata wa ku Mufakose ndi mtsikana wa ku Mabvuku akalengeza tsiku la ukwati, anzawo safunsanso kuti awiriwo akakhala m'nyumba yanji, azikamwa madzi ochokera kuti, kapena azikaphikira chiyani magetsi akathima. Funso limene latenga malo ndi lakuti hanimuni akadyera kuti, ndipo yankho lolandiridwa ndi nthungululu ndi Zanzibar kapena Mauritius. Ambiri sapitako, poti thumba silola, koma otsalawo amayenda atazyolika ngati apalamula mlandu. Mwa ochepa amene amakwera ndege, alipo amene amakwera ndi ndalama za katapila, zimene olankhula Chishona amazitcha chimbadzo, n'kubwerera kudzapeza mpopi wouma, chipinda cha mdima ndi mwini ndalama ataima pakhomo.

Mwambo umenewu uyenera kutsutsidwa poyera, makamaka pakati pa zidzukulu za Achewa, Amang'anja, Ayao, Angoni ndi Atonga amene thukuta lawo linathandiza kumanga mzindawu. Ndalama zoyamba za banja latsopano ku Harare zili ndi ntchito zitatu zimene sizingadikire: madzi abwino, moto wophikira ndi kuwala kwa usiku. Banja limene layamba ndi zitatuzi lateteza moyo wake, lapulumutsa mitengo yozungulira mzinda, ndipo ladzisiyira kangachepe kokayendera dziko. Ngati awiriwo akulakalaka mchenga woyera, madzi oyera ndi dzuwa lotentha, zonsezo zilipo pa ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri pa basi, ku nyanja ya agogo awo.

Chinenero chimaulula maganizo a eni ake. Achewa amati kumanga banja, monga amanenera kumanga nyumba kapena nkhokwe, ndipo chomangidwa chimafuna maziko, mizati ndi nthawi. Ali ndi mawu a chinkhoswe, kulowana, chikamwini ndi chitengwa, onse onena za udindo ndi za malo amene awiriwo akakhale. Mawu a hanimuni ndi obwereka. Kubwereka pakokha si mlandu, pakuti sukulu, buledi, basi ndi sopo analowa m'Chichewa n'kukhala ngati mbadwa. Koma mawu aliwonse obwereka amabwera ndi katundu wake, ndipo awa abwera ndi chiphunzitso chakuti ukwati umatsimikizika ndi chithunzi chojambulidwa kutali, choti anthu a pa Facebook ndi Instagram achione. Mlendo amalandiridwa ndi manja awiri, koma salamula nkhokwe ya eni khomo.

Kuti nkhaniyi imveke kwa a ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete, m'pofunika kukumbukira kumene mabanja amenewa anachokera. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amuna a ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Mozambique ankatsikira ku Southern Rhodesia, ena wapansi, ena pa magalimoto a Ulere, ena kudzera mwa olemba anthu ntchito a Mthandizi, kukagwira m'migodi, m'minda ya fodya, pa njanji ndi m'makhitchini a azungu. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963, chinakulitsa njira imeneyo. Ku Salisbury anakhazikika ku Harari, lokeshoni yokhazikitsidwa mu 1907 imene lero ndi Mbare, kenako ku Highfield, Mufakose, Rugare, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Tafara. Kwawo ankawatcha machona. Kumene anafikako ankawatcha mabhurandaya, dzina lochokera ku Blantyre. Anadza ndi Gule Wamkulu, anamanga mizikiti, anakhazikitsa mabungwe othandizana pa maliro, ndipo mpingo wa CCAP unakula mpaka kukhala ndi sinodi yakeyake mu 1965.

Anthu amenewa analibe munda wothawirako m'Zimbabwe monga anzawo a Chishona amene ali ndi midzi yawo. Lokeshoni ndiyo inali mudzi. N'chifukwa chake Operation Murambatsvina ya mu May 2005, imene lipoti la Anna Tibaijuka wa bungwe la United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena pogwira, inawapweteka mwapadera: pouzidwa kuti abwerere kumudzi, analibe koloza. Banja lotere, lopanda nkhokwe ya kumudzi yoti lidalire chaka chikavuta, ndilo liyenera kuopa ngongole kuposa lina lililonse. Agogo ankazidziwa zimenezi. Ankalima chimanga ndi mbatata m'malo opanda nyumba, ankafutsa nkhwani ndi khwanya kuti ndiwo zisasowe m'chilimwe, ankasoka zigamba, ndipo chitini chikatha mafuta chinkasanduka koloboyi kapena kapu. Umenewo unali umphawi, ndipo palibe chifukwa chousirira. Koma munali nzeru imene zidzukulu zikuitaya pa nthawi imene zikuifuna kwambiri.

Pakuti Harare wa lero si mzinda woti munthu angatsegule mpopi n'kukhulupirira. Madzi ake ambiri amachokera ku damu la Chivero, limene lili kumunsi kwa mzinda, kotero kuti zonyansa zimene mapaipi ophulika amatayira m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba zimakathera m'madzi omwewo amene anthu adzamwa. Kuwayeretsa pa Morton Jaffray kumafuna mankhwala amitundumitundu ogula ndi ndalama zakunja, ndipo mu September 2019 malowo anatsekedwa kwa kanthawi mankhwalawo atatha. Mu December 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'damulo, ndipo akuluakulu analetsa usodzi. Mbali zina za Mabvuku ndi Tafara zatha zaka zambiri mipopi isanadonthe. Mkwatibwi wolowa m'nyumba kumeneko akudziwa kale kuti m'mawa wake woyamba udzayambira pa mzere wa pamjigo.

Mzere umenewo uli ndi mbiri yowawa. Kolera ya 2008 ndi 2009 inagwira anthu oposa 98,000 m'Zimbabwe n'kupha oposa 4,000, ndipo Budiriro anali pakati pa malo okanthidwa kwambiri. Mu September 2018 inabukanso ku Glen View ndi ku Budiriro, madzi a m'zitsime ndi m'mijigo atasakanikirana ndi a m'zimbudzi. Mu November 2023 khonsolo ya Harare inalengezanso kuti mzinda uli pa ngozi, mliriwo utamanga nthenje ku Kuwadzana. Tayifodi nayo sichoka. Pamalo otere thanki ya madzi, zigubu zotsekeka bwino, mankhwala a kolorini ndi moto wokwanira kuwiritsa madzi akumwa ndi katundu wofunika kuposa sofa ndi kabati ya magalasi. Mwana woyamba wa banjalo adzamwa madzi amenewo.

Za magetsi nazo n'chimodzimodzi. Mu 2019 ZESA inkathimitsa magetsi mpaka maola 18 pa tsiku, ndipo kumapeto kwa November 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti mbali ya Zimbabwe iyimitse makina ake ku Kariba chifukwa gawo lake la madzi a chaka chimenecho linali litatha. A ku Lusaka akulidziwa vutoli, poti damu ndi lomwelo. A ku Blantyre akulidziwa kuchokera ku Nkula ndi Kapichira. Magetsi akathima, lokeshoni yonse imatembenukira ku nkhuni, makala ndi utuchi, ndipo mitengo yachilengedwe ya m'nkhalango zozungulira mzinda imalowa pa ngolo ndi m'malole. Utsi wake umapumidwa ndi amene wawerama pa mbaula. Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni pa dziko lonse, ndipo amene amakhala pafupi ndi motowo ndi amayi ndi ana.

Komatu mphatso zimene zimaunjikidwa pa kitchen party ndi pa perekaniperekani zimachita ngati zagulidwira mzinda wina: ketulo yamagetsi, mayikulowevu, chowotchera buledi, ayironi ziwiri kapena zitatu, sitovu ya mbale zinayi. Zonsezo zimadikira ZESA zitafunda kansalu koluka, pamene mwini wake akupemerera moto panja. Azakhali ndi anzawo a mkwatibwi akanasonkha ndalama zomwezo n'kugula silinda ya gasi ndi sitovu yake, mphika wa presha, kapena sola yokwanira mababu, mafoni ndi kafiriji, akanapereka mphatso yogwira ntchito tsiku lililonse. Mtengo wa matikiti awiri a ndege ndi masiku asanu mu hotelo ya ku Zanzibar ndi wokwanira kugula zonsezi pamodzi ndi thanki. Ulendowo umatha Lamlungu, pamene sola idzakhala ikuwalabe mwana woyamba akamadzayamba sukulu.

Kuonjezera apo, hanimuni sifika pa thumba lodzaza. Imafika pambuyo pa roora, malowolo a Chishona, amene mabanja ambiri ochokera ku Malawi anawatengera, ngakhale aja amene makolo awo anali a chikamwini ndipo sankalowola. Imafika pambuyo pa holo, keke, diresi, ojambula ndi mdipiti wa galimoto. Zambiri mwa zimenezi zimalipiridwa m'madola a ku America, m'dziko limene linaona pepala la madola 100 thililiyoni mu 2009 ndi ndalama inanso yatsopano, ZiG, mu April 2024. Wokongola madola pamene malipiro ake ndi osadalirika, kapena pamene amadya za kugulitsa tomato ku Mbare Musika, amabweza ndi misozi. Nkhoswe iliyonse ikudziwa kuti milandu yoyamba ya m'banja kawirikawiri imayambira pa ndalama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chilumbacho nachonso chili ndi mizere yake ya pamjigo imene chithunzi sichionetsa. Lipoti la bungwe la Tourism Concern la 2012 linapeza kuti m'midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja ku Zanzibar mlendo mmodzi ankagwiritsa ntchito madzi abwino kuwirikiza ka 16 poyerekeza ndi mbadwa ya pamalopo. Mkwatibwi wa ku Tafara amene wasamba m'dziwe la hotelo kwa masiku asanu waima, mosadziwa, mbali imene eni nyumba a ku Borrowdale amaima kwa iye, iwo a mijigo yakuya ndi kapinga wothiriridwa m'chilimwe. Ndipo mu October 2024 boma la chilumbacho linayambitsa inshuwalansi yokakamiza ya madola 44 pa mlendo aliyense, ndalama inanso yotuluka munthu asanaone n'komwe mchenga.

Pali bodza lachiwiri limene likuyenda pamodzi ndi loyambalo pa mafoni omwewo. Limati kusamalira chilengedwe ndi kugula: mswachi wa nsungwi, mabotolo okongola agalasi, matumba ansalu olembedwa mawu a Chingerezi, sopo wodula wa m'masitolo a kumpoto kwa mzinda. Banja la ku Glen Norah likaona zimenezi limaganiza kuti nkhani ya chilengedwe ndi ya olemera, n'kuisiya pomwepo. Chonsecho amisiri a ku Siyaso, ku Mbare, amene amasula mbaula, ndowa, makasu ndi mawilibala kuchokera ku zitsulo zotayidwa, akhala akuukitsa zinthu zakufa kwa zaka zambiri popanda wowayamikira. Dengu la agogo linali kale pa ntchito Zimbabwe asanaletse majumbo opyapyala mu 2010 ndi timbale ta kaylite mu 2017, ndiponso Malawi asanaletse majumbo ake mu 2015.

Zizolowezi zimene banja latsopano lingayambe nazo n'zosavuta kutchula, ndipo chilichonse chimabweza ndalama m'thumba. Choyamba ndi moto. Nyemba zoviikidwa usiku wonse zimapsa msanga. Mphika wovindikira sutaya kutentha. Mphika wa presha umafupikitsa nthawi ya nyemba ndi nyama yolimba. Ndipo mphika wowira bwino ukaikidwa m'dengu n'kukutidwa ndi nsanza kapena bulangeti lakale, umapitiriza kupsa wokha popanda moto. Gasi akatha, mbaula ya tsotso, imene imayaka ndi tinkhuni ting'onoting'ono totola, imadya pang'ono poyerekeza ndi mafuwa atatu. Mbaula ya makala sailowetsa m'chipinda chotseka ngakhale chisanu cha June ndi July chitalusa, pakuti mpweya wake umapha anthu ali mtulo.

Chachiwiri ndi madzi ndi zinyalala. Otsukira mpunga ndi ndiwo apite ku dimba la kuseri kwa nyumba, ochapira apite kuchimbudzi, ndipo a mvula a padenga akhale ochapira ndi othirira, oyambirira atatayidwa chifukwa ndiwo amatsuka fumbi. Akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala ngakhale akuoneka oyera. Malo akachepa, matumba akale odzaza dothi amabereka repu, chomoliya, anyezi ndi tomato, ndipo makoko a mbatata ndi masamba otsala amasanduka manyowa m'malo monunkha pa mphambano podikira lole yotenga zinyalala, kapena kukawonjezera mulu wa ku dzala la Pomona. Matewera otaya, nsanza ndi mchenga wokwechera mapoto zikaponyedwa m'chimbudzi zimatseka mapaipi okalamba, ndipo zotulukazo zimayenda mu msewu womwewo umene ana amaseweramo.

Apa pali msampha umene uyenera kutchulidwa. Mndandanda wonsewu ukhoza kusanduka mtolo wina pamutu pa mkazi. M'malokeshoni ambiri mkwatibwi amalowa m'nyumba ya apongozi, m'chipinda chimodzi kapena m'kanyumba ka kuseri, ndipo amayembekezeka kudzuka tambala woyamba kusesa, kutunga ndi kukoleza moto kuti aoneke wolangika. Ngati kuthirira dimba, kuchapa matewera ansalu ndi kusankha zinyalala zidzawonjezedwa pa iye yekha, ndiye kuti mitengo yapulumuka koma msana wa mkazi wathyoka. Mwamuna amene amadzitcha Mchewa akumbukire kuti m'mwambo wa makolo ake mkamwini ndiye ankayesedwa: ankamanga nyumba, ankalima munda wa apongozi, ankasonyeza kuti manja ake ndi amoyo. Kukankha wilibala ya zigubu kuchokera pamjigo ndicho chikamwini cha m'tauni. Mutu umodzi susenza denga.

Otsutsa maganizo awa ali ndi mfundo ziwiri zolemera. Yoyamba ndi yakuti mavuto a madzi, magetsi ndi zinyalala ndi a khonsolo, boma ndi ZESA, ndipo kuuza osauka kuti agule thanki ndi sola n'kumasula olakwa enieni. Mfundoyi ili ndi choonadi. Palibe dimba la m'matumba limene lingakonze Morton Jaffray, ndipo kusesa kwa Lachisanu loyamba la mwezi, kumene boma linakhazikitsa mu December 2018, sikulowa m'malo mwa lole yotenga zinyalala. Amene akudula mapuloti m'madambo osefa madzi a mzinda si achinyamata ongolowana kumene. Koma kolera sidikira chisankho chotsatira. Ndiponso banja lopanda ngongole, lokhala ndi nyali usiku, ndilo limapeza nthawi ndi mtima wopita ku msonkhano wa khansala, kulowa m'mabungwe a okhala mumzinda monga Combined Harare Residents Association, ndi kufunsa kumene ndalama za misonkho zikulowera. Wothamangitsidwa ndi katapila amabisala, safunsa mafunso.

Yachiwiri ndi yakuti osauka nawonso ayenera kusangalala. Kuti mwana wa m'lokeshoni, amene agogo ake ankalongedza masutukesi a azungu opita kutchuthi ku Beira, ali ndi ufulu wogona naye mu hotelo. Mfundo imeneyi ndi yoona yonse. Amene ali ndi ndalama zakezake, zopanda chiwongoladzanja, ndipo nyumba yake ili ndi madzi ndi kuwala, apite kumene mtima wake ukufuna. Awiri ongolowana akufunikadi masiku okhala okha, kutali ndi khoma lopyapyala la nyumba ya apongozi, kumene wina akatsokomola zimamveka chipinda china. Nkhani yagona pa mtengo umene masikuwo agulidwire ndi malo amene akathere. Harare weniweniyo ali m'chigawo chotentha cha dziko lapansi, kumpoto kwa mzere wa Capricorn, kungoti wakhala pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,500. Chimene amasowa ndi nyanja basi, ndipo nyanjayo siili kutali.

Msewu wochoka ku Harare kudzera pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, n'kulowa m'Malawi pa Zobue ndi Mwanza, umafika ku Blantyre pa mtunda wa makilomita pafupifupi 600. Mabasi amauyenda, ndipo mwini pasipoti ya Zimbabwe safunika viza ku Mozambique kapena ku Malawi pa ulendo wokacheza. Ndiyo njira imene agogo ambiri anatsikira. Kuchoka ku Blantyre munthu amafika ku Mangochi ndi ku Cape Maclear, m'mudzi wa Chembe, pakati pa Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake zamitundu mazanamazana, makamaka za mbuna. Kuli Senga Bay ku Salima, kuli Nkhata Bay, kuli chilumba cha Likoma ndi tchalitchi chake chachikulu cha St Peter, kofikika pa sitima ya Ilala imene yayenda pa nyanjayo kuyambira 1951. Kuli malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, ndi chambo chowotcha chimene ndalama yake imatsala m'manja mwa msodzi wolankhula chinenero cha agogo.

Ulendowu uli ndi zofunika kusamala. Wobadwira ku Harare, kumene malungo ndi ochepa, thupi lake silinawazolowere, kotero afunse za mankhwala oteteza asananyamuke ndipo agone m'masikito. Madzi odekha a pafupi ndi midzi ali ndi likodzo, ndipo wosambamo akayezetse akabwerera. Chachikulu ndi mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ambiri a machona ali alendo m'dziko lobadwiramo, zitupa zawo zili ndi chilembo cha A. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira ndi kukhala m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, ndipo anaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Komabe lipoti la Amnesty International la 2021 linasonyeza kuti ambiri akadalibe ngakhale chikalata cha kubadwa. Banja limene lakonza zitupa, lalembetsa ukwati wake motsatira lamulo la maukwati la 2022, ndi kutenga mapasipoti, lagula chinthu chimene ana ake adzadya.

Phindu la ulendo wotere limapitirira mchenga. M'nyumba zambiri za ku Highfield ndi Dzivarasekwa Chichewa chatsala m'kamwa mwa agogo, m'nyimbo za kutchalitchi ndi pa bwalo la gule. Zidzukulu zimamva koma zimayankha m'Chishona, ndipo zina zimabisa chiwongo chawo poopa kusekedwa. Chinenero chimafa kapena kupulumuka m'manja mwa anthu awiri ongoyamba banja, pa tsiku limene adzasankha mawu otonthozera mwana wawo woyamba. Awiri amene atha sabata ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Nkhotakota, naona manda a makolo, nalandiridwa ndi azakhali amene ankangowamva pa foni, nagula usipa pa msika popanda womasulira, amabwerera ndi chifukwa cholankhulira. Amene mizu yawo ili ku Zambia angadzere pa Chirundu ndi Lusaka mpaka ku Katete, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika kumapeto kwa August pa mwambo wa Kulamba, pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.

Wopita ku Zanzibar ndi ndalama zake naye ali ndi makolo oti akawakumbukire, pakuti si woyamba wa mtundu wake kuponda pachilumbacho. M'zaka za m'ma 1800 anthu zikwizikwi a m'mbali mwa nyanja ya Malawi anawolotsedwa pa Nkhotakota, m'nthawi ya a Jumbe, n'kuyendetsedwa mpaka ku Kilwa ndi ku msika wa akapolo wa Zanzibar, umene unatsekedwa mu 1873. Pamalo pa msikawo, ku Mkunazini, paima tchalitchi cha Anglican. Mchewa amene wafika kumeneko n'kungojambulitsa pa mchenga, osapita kukaima pamalo amenewo, wabwerera chimanjamanja ngakhale foni yake itadzaza zithunzi.

Udindo wosintha zinthu uli kwa akuluakulu, pakuti achinyamata amachita zimene zimaomberedwa m'manja. Ankhoswe, pokhala pansi ndi awiriwo, afunse za ngongole poyera monga amafunsira za makhalidwe, ndipo akane kuyimira phwando lomangidwa pa katapila. Alangizi awonjezere pa mwambo wa kuchipinda mwambo wa bajeti, wa madzi ndi wa kugawana ntchito, ndipo aulankhule kwa mwamuna ndi mkazi pamodzi. Amayi a Chigwirizano ndi a magulu ena a m'mipingo ndi m'mizikiti, amene amadziwa kale kuyendetsa mukando, chipereganyu cha kumeneko, asonkhe mphatso imodzi yolemera m'malo mwa maketulo khumi. Abale a ku Johannesburg ndi ku London, amene ndalama zawo zimakometsa maukwati ambiri, afunse chimene ndalamazo zikagule asanazitumize. Mabungwe a maliro atsimikiza kwa zaka zambiri kuti machona amadziwa kusonkherana pa imfa. Angathenso kusonkherana pa chiyambi cha banja.

Ukwati umayesedwa Lolemba loyamba pambuyo pa phwando, alendo atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa, magetsi atathima. Pa tsikulo banja lina lidzakhala ndi zithunzi zodzaza foni ndi tsiku lobwezera ngongole. Lina lidzakhala ndi madzi m'thanki, nyali yoyaka, nkhwani kuseri kwa nyumba ndi matikiti a basi ya ku Blantyre m'chikwama. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ankhoswe a ku Mufakose, ku Mbare ndi ku Tafara asankhe banja limene akufuna kudzaliyimira.